Musanatsitse galimoto, bwererani kaye ku Physical Science

Pali mkangano umene wakula pakati pa anyamata amene ndinawaphunzitsa, makamaka aja ayamba ntchito ndipo aitanitsa kagalimoto kawo koyamba kuchokera ku Japan. Galimotoyo ikangofika, isanalawe n'komwe dzinja limodzi la kuno, mwini wake wayamba kale kuiona ngati yatalika miyendo. Akufuna kuitsitsa. Ndiye agawikana pawiri. Ena akuti gula masipuling'i aafupi, aja amati lowering springs, uveke pa mashoko amene alipo, nkhani yatha. Enawo akuwaseka anzawo, ati zimenezo n'zaumphawi, munthu wodziwa galimoto amaika ma coilover. Koma mbali zonse ziwiri zikulonjeza zofanana: galimoto iziyenda bwino ndipo izigwira msewu pakona.

Ine ndikuti lonjezo limeneli ndi labodza pa misewu imene timayendamo, ndipo a ma coilover ndi amene ndili nawo mawu ambiri. Aphunzitsi anzanga amene mwatenga ngongole n'kugula Vitz kapena Axio, khalani pafupi, chifukwa anyamata omwewa ndi amene adzakulangizeni.

Tiyambe ndi zimene tinkachita mu labu. Mukukumbukira kasipuling'i kaja tinkapachika pa sitandi n'kumakoloweka timiyala toyezera kulemera? Robert Hooke anasindikiza lamulo lake mu 1678: sipuling'i imatamuka kapena kupanikizika molingana ndi mphamvu imene waiikapo. Koma panali chinanso chimene ambiri munkachiseka m'malo molemba. Ukakoka kamwala kaja n'kukasiya, sikaima, kamangovina, pansi m'mwamba, pansi m'mwamba. Sipuling'i sidziwa kuleka. Imasunga mphamvu n'kuibweza yonse. Pa galimoto, chimene chimaletsa kuvinaku ndi shoko. Mkati mwake muli mafuta amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha. Sipuling'i imanyamula galimoto, shoko imaikhazika mtima pansi. Ziwirizi amazipanga kuti zigwirizane ngati ng'ombe za pa goli limodzi.

Tsono taonani zimene amachita wa masipuling'i aafupi. Ambiri mwa masipuling'i amenewa amatsitsa galimoto ndi mamilimita 25 mpaka 40. Mpata umenewu suchokera kumwamba ayi, uchotsedwa pa mtunda umene gudumu limayenda likamenya chinthu, lisanafike pa kamphira kolimba kamene kamaletsa chitsulo kugundana ndi chitsulo. Popeza mpata wachepa, opanga amalimbitsa sipuling'iyo kuti isamafike pa kamphirako kawirikawiri. Ndiye mwamanga ng'ombe yamphamvu pa goli limodzi ndi yokalamba. Shoko imene ili pa galimoto yanu inapangidwira sipuling'i yofewa, ndiponso galimoto zambiri zimene timaitanitsa zimafika zitatha zaka khumi kapena kuposa, mashoko ake ali omwe aja anachoka nawo ku fakitale. Ku Japan shoko yotopa imabisala chifukwa msewu ndi wosalala. Kuno imaululika sabata yoyamba. Muiveke sipuling'i yolimba, galimoto izidumpha ngati mbuzi, ndipo posakhalitsa mudzaona mafuta akuchucha pa shoko.

Za odula masipuling'i ndi galainda sindikufuna kutayapo nthawi, koma samu yake ndi yokoma. Kulimba kwa sipuling'i kumadalira chiwerengero cha mizere yozungulira imene ikugwira ntchito. Ikakhala ndi mizere 6 inu n'kudulapo umodzi, yalimba ndi 20 peresenti, pamene yafupika ndipo mapeto ake sakukhalanso bwino m'mbale yake. Gudumu likalendewera, sipuling'i yotereyi ikhoza kuchoka pamalo. Ena amaiwotcha ndi moto wa gasi kuti ikhale pansi, osadziwa kuti akupha chitsulocho. Makaniko amene angakuchitireni zimenezi musamupatsenso galimoto yanu, ngakhale kusintha oyilo.

Mpaka pano a ma coilover akuwomba m'manja. Dikirani.

Coilover si chinthu chamatsenga. Ndi shoko imene sipuling'i yake yavekedwa pathupi pake, ndipo thupilo lili ndi mazinga ngati bawuti kuti uzitha kukweza kapena kutsitsa mbale imene sipuling'i yakhalapo. Ubwino wake weniweni ndi umodzi, ndipo sindiukana: shoko ndi sipuling'i zimabwera pamodzi, zitayesedwa pamodzi. Vuto la goli lija latha. Makampani ngati KW ndi Bilstein a ku Germany, Öhlins ya ku Sweden kapena Tein ya ku Japan amalipira mainjiniya kuti agwire ntchito imeneyi, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo. Koma tiuzane zoona ana anga, ndani mwa inu akukamba za KW? Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale tayala labwino takhala tikuliganizira kawiri. Zimene mukuitanitsa pa intaneti ndi zija zopakidwa utoto wofiira kapena wagolide, zopanda dzina loti munthu n'kulitchula, zinayi zonse mtengo wake wosafika pa mashoko awiri abwino. Mu bokosi limodzi muli mashoko 4, masipuling'i 4, mazinga, mbale ndi masipanala. Mukuganiza kuti wopangayo wapulumutsira ndalama pati? Pa utoto ayi, poti utoto ndi umene ukugulitsa. Wapulumutsira mkati, pamene simungaone: mavavu, mafuta ndi masilo.

Amandiuza kuti, "Aphunzitsi, koma ili ndi ma click 32, mukhoza kuifewetsa mmene mukufunira." Kachitsulo kopotokola kaja kamangotsegula kapena kutseka kabowo ka mafuta mu shoko. Sikakhudza sipuling'i. Ngati sipuling'i ndi yolimba, kufewetsa shoko sikubweretsa kufewa, kumabweretsa kuvina kuja kwa mu labu. Wailesi yoipa siikhala yabwino chifukwa ili ndi mabatani ambiri.

Ndipo masipuling'i a ma coilover ambiri ndi olimba zedi. Apa ndikupemphani mutenge pepala. Tiyerekeze kuti gudumu limodzi lakutsogolo likunyamula makilogalamu 300. Sipuling'i ya ku fakitale ya galimoto yaing'ono tiike pa makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse. Pansi pa kulemera kuja yapanikizika mamilimita 120. Tsono ikanipo ya makilogalamu 8 pa milimita, nambala imene mudzaiona kawirikawiri pa ma coilover. Yapanikizika mamilimita 37.5 okha. Tanthauzo lake n'chiyani? Gudumu likafika pa dzenje, sipuling'i ndi imene imalikankhira pansi kuti litsatire msewu. Yofewa ija ili ndi mtunda wautali wokankha. Yolimbayi ikangotamuka masentimita osakwana 4, yatha mphamvu, ndipo tayala langotsala lolendewera. Tayala limene silikupondereza pansi silikhota, silimanga mabuleki, silichita kanthu. Amene munkakonda masamu pitirizani nokha ndi fomula ya pendulamu ya sipuling'i ija: mudzapeza kuti galimoto yoyamba imagwedezeka pafupifupi ka 1.4 pa sekondi, yachiwiri ka 2.6. Msana wa munthu umadziwa kusiyana kumeneku usanaone samu.

Apa ndi pamene pagona bodza lonse. Anthu amasokoneza kumva kulimba ndi kugwira msewu. Galimoto yolimba siipendekeka kwambiri pakona, chiwongolero chimayankha msanga, ndipo woyendetsa amamva ngati wasanduka katswiri. Pa phula losalala ngati tebulo, kumvako kuli ndi choonadi chake. Koma tsikani Chiweta kapena Khwekhwelere, mupeze kona imene phula lake lachita makwinya kapena lazigambidwa. Galimoto yofewa imameza makwinyawo matayala ali pansi. Yolimba imadumphadumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumaisunthira kunja kwa kona pang'ono. Mukaponda mabuleki mwadzidzidzi pamalo otero, ABS imamva kuti gudumu latsala pang'ono kuima, imamasula, ndiye mtunda woimira umatalika. Kutsogoloko kuli wakabaza wanyamula mayi ndi mwana. Nkhani imeneyi si ya maonekedwe okha.

Nanga phindu lija la kutsitsa pakati pa kulemera kwa galimoto, limene aliyense amalitchula ngati vesi loloweza? Liliko, koma tiliyeze. Kulemera kumene kumasamukira ku matayala akunja pakona kumadalira kutalika kwa pakatipo kuchokera pansi, poyerekeza ndi kutalikirana kwa magudumu. Tinene kuti pakatipo pali pa mamilimita 550 ndipo mwatsitsa ndi 30. Mwapindula pafupifupi 5 peresenti. Basi. Kusiyana kwa tayala labwino ndi tayala lakaunjika lotha mapanga pa msewu wonyowa n'kwakukulu kuposa pamenepo.

Ndipo 5 peresenti imeneyo simuitenga ulele. Kutsogolo kwa Vitz, Corolla ndi zinzake zambiri kuli dongosolo la MacPherson strut, lotchedwa ndi dzina la injiniya wa ku America, Earle MacPherson. M'munsi mwake muli mkono wachitsulo umene anaukonza kuti uzikhala mopingasa kapena kutsikira pang'ono ku gudumu. Mukatsitsa galimoto kwambiri, mkonowo umaloza m'mwamba, ndipo malo amene thupi la galimoto limapendekekerapo amatsika msanga kuposa mmene pakati pa kulemera patsikira. Zotsatira zake n'zoseketsa: galimoto yotsitsidwa mopyola imafuna kupendekeka kwambiri kuposa kale, ndiye pafunikanso masipuling'i olimba kuti abise vuto limene mwadzipangira nokha. Timikono ta chiwongolero natonso tasintha kaimidwe, kotero gudumu likamenya bampu limakhota lokha pang'ono. Matayala amayamba kudyeka mkati, mbali imene simuiona mpaka waya atatulukira. Ndipo poti coilover imalola kutsitsa mmene ukufunira, mnyamata amaipotokola mpaka pansi. Wa masipuling'i aafupi amatetezedwa ndi umphawi wake, mainjiniya anamuikira malire. Wa coilover malire ake ndi maso a anzake.

Palinso ntchito imene ogulitsa satchula. Coilover kuti igwire bwino, galimoto imaikidwa pa masikelo 4, limodzi pansi pa gudumu lililonse, n'kumasintha mpaka kulemera kwa magudumu opingasana kufanane. Popanda zimenezo, mukhoza kuyeza ndi tepi n'kuona kuti mbali zonse zafanana, koma galimoto ili ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi: kona ya kumanja ikhota mwina, ya kumanzere mwina. Mufunseni makaniko wanu ngati ali ndi masikelo amenewa. Kenako ganizirani mazinga aja. Matope a Januwale ndi fumbi la Okutobala zikalowamo, dzimbiri n'kumaliza, mbale ija siizunguliranso. Munalipira kuti muzisintha, mwatsala ndi chinthu chosasinthika. Shoko wamba ikatha umapita kukagula ina ya KYB m'tauni tsiku lomwelo. Coilover imodzi ikatha mafuta, mukaipeza kuti inzake? Mudzaimika galimoto mwezi kudikira katundu, kapena kugulanso zinayi. Ndipo eni Vitz ndi Fit, dziwani kuti kumbuyo kwa galimoto zanu sipuling'i ndi shoko zimakhala padera, pa chitsulo chimodzi cholumikiza magudumu awiri. Chimene mudzalandire cha kumbuyoko ndi sipuling'i yaifupi yokhala pa kambale kosinthika. Dzina lokha ndilo coilover.

Sindikunena kuti a ku Japan ndi ku Germany amene amatsata fashoni imeneyi ndi opusa. Ali ndi misewu yake, alinso ndi malamulo ake. Ku Japan galimoto siyenera kutsika kuposa masentimita 9 kuchokera pansi ngati ikufuna kupambana mayeso aja amati shaken. Ku Germany zida zotere zimafuna mapepala ovomerezeka, ndipo akatswiri ngati a TÜV amayang'ana ngati zaikidwa m'malire ake. Ali ndi mabwalo a mpikisano ngati Nürburgring, wa makilomita oposa 20, kumene munthu wamba amalipira n'kukayesa galimoto yake. Ife tatengako chithunzi chokha, misewu ndi malamulo tazisiya komweko. Ngati mukufuna chitsanzo choyandikira kwathu, onerani Safari Rally ya ku Kenya, imene inabwerera mu mpikisano wa dziko lonse mu 2021. Galimoto zimenezija nazonso zili ndi ma coilover, odula kuposa nyumba ya mphunzitsi. Koma taonani mmene zaimira: zakwezedwa, magudumu ali ndi mpata wautali woyenda, ndipo zikatera pansi zikadumpha zimakhazikika kamodzi. Akatswiri enieni akakumana ndi msewu ngati wathu amawonjezera mpata. Inu mukuuchotsa.

Ngakhale osaphunzira Hooke amazidziwa izi. Funsani woyendetsa Sienta wa pa siteji chimene amaopa kwambiri, akuuzani kuti ndi kukhula pansi. Mahampu a m'ma trading centre athu sanayezedwe ndi galimoto yanu m'maganizo. Misewu yambiri ya kum'mwera inavulala ndi namondwe Freddy mu 2023, ndipo ngakhale imene yakonzedwa imathera pa kanjira kafumbi kopita kunyumba kwanu. Pansi pa injini pali sampu ya oyilo, pali ekizozi, ndipo mwala umodzi ukwanira.

Komanso galimoto ya kuno siinyamula mwini wake yekha. Kukagwa maliro kumudzi, kumbuyo kukhala anthu atatu, m'buti matumba awiri a chimanga. Tinene makilogalamu 310, ndiye kuti 155 mbali iliyonse. Pa sipuling'i ya makilogalamu 2.5 pa milimita, kumbuyo kwatsika kale mamilimita 62. Mainjiniya anasiya mpata wa zimenezi. Inu mukadyapo 35 chifukwa cha maonekedwe, azakhali anu ayenda ulendo wonse atakhala pa kamphira kaja, ndipo tayala lizikhula m'mphepete mwa bodi pa bampu iliyonse.

Ndikudziwa yankho limene likubwera. "Aphunzitsi, ndalama ndi zanga, ndimangoyenda m'tauni, ndipo galimoto yotsika imaoneka bwino." Chachitatucho ndavomera. Altezza kapena Mark X itakhala pansi pang'ono, malimu atadzaza bwino, ngakhale ine ndimatembenuka. Munthu akanena poyera kuti akufuna kutchena, ndilibe naye mlandu, monga mmene ndilibe mlandu ndi wovala nsapato zosongoka. Chimene ndikukana ndi kuveka kutchenako dzina la sayansi, n'kumauza mnzako amene sadziwa kuti galimoto yake ikhala yotetezeka. Ndiponso m'tauni momwemo ndi momwe ndimakuonani mukukwera hampu chopingasa, gudumu limodzilimodzi ngati nkhanu, mzere wa maminibasi ukuliza mahutala kumbuyo kwanu.

Ngati galimoto yanu ikuyendadi moipa, ikuyandama pa liwiro kapena kugwada mukamanga mabuleki, vuto si kutalika kwake. Yatopa. Ikani mashoko atsopano a dzina lodziwika, awiriawiri. Onetsani mabushi a mphira ndi ma ball joint, chifukwa bushi yong'ambika imapangitsa gudumu kuloza kumene likufuna. Gulani matayala atsopano a saizi yake, osati aja opyapyala m'mbali, poti mphepo ya m'tayala ndiyo sipuling'i yoyamba kukumana ndi dzenje. Kenako alayimenti. Ambiri amene amalumbira kuti coilover inasintha galimoto yawo sanayerekeze ndi galimoto yabwinobwino ayi, anayerekeza ndi mashoko akufa a zaka 12. China chilichonse chatsopano chikanawadabwitsa.

Mukachita zonsezi mtima n'kumafunabe kutsitsa, apa ndiye ndisankha mbali, ndipo a ma coilover mundikhululukire. Tengani masipuling'i a kampani yodziwika ngati Eibach kapena H&R, opangidwira mtundu weniweni wa galimoto yanu, otsitsa osapitirira mamilimita 30, ndipo muwagule pamodzi ndi mashoko opangidwira masipuling'i aafupi. Bilstein ili ndi mtundu wa B8 wa ntchito imeneyi, ndipo pali seti ya B12 imene imaphatikiza mashoko awo ndi masipuling'i a Eibach. Mulibe mazinga oti achite dzimbiri, mulibe choti mupotokole molakwika, ndipo wina amene anaphunzira ntchitoyi anasankha kale manambala. Ndalama zikapanda kukwana zonse ziwiri, gulani mashoko okha, masipuling'i adikire. Coilover isiyireni munthu amene ali ndi galimoto yachiwiri yopitira kuntchito, amene ali ndi bwalo lothamangirapo, masikelo, ndi ndalama zogulira yeniyeni.

Musanalipire, dzazani galimoto ndi anthu monga mumachitira popita kumudzi, muime pamalo osalala, mugwade ndi rula ija ya masentimita 30, muyeze kuchokera pansi kufika pa chitsulo chotsikitsitsa. Chotsanipo masentimita 3. Kenako kayezeni hampu yoipitsitsa ya pa njira yanu ya tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi anzanga a Physics, ntchito yomweyi ndi yabwino kupatsa a Fomu 4, pamodzi ndi samu ya makilogalamu 300 ija, poti ana amatchera khutu nkhani ikakhala ya galimoto. Ndipo amene mutsitsebe, funsani kaye a inshuwalansi yanu ngati kusinthako sikukhudza pangano lanu, alayimenti muchite tsiku lomwelo, ndipo masipuling'i akalewo muwapake girisi n'kuwasunga m'thumba. Wodzagula galimotoyo kwa inu adzawafunsa.